Bougainvillea wanga wangochita masamba, maluwa ayi: ndimuzule?

Funso: Ndine mayi wa ku Area 49 mumzinda wa Lilongwe. Zaka ziwiri zapitazo ndinabzala bougainvillea m'mbali mwa mpanda wa njerwa kuseri kwa nyumba, pafupi ndi mpopi komanso mtengo wa mango. Mnyamata wosamalira panja amamuthirira m'mawa uliwonse. Timathirapo zitosi za nkhuku, nthawi zina ndi urea wotsala kumunda, ndipo timamumeta mwezi ndi mwezi kuti azioneka bwino. Wakula mpaka kudutsa mpanda, masamba ali biriwiri, koma maluwa ndi apo ndi apo. Wa aneba anga, amene sayang'aniridwa n'komwe, wadzaza maluwa a olenji mpaka masamba saoneka. Kodi ndinagula mtundu woipa? Ndimuzule? Nanga ndingapeze bwanji wangawanga wofanana ndi wa anebawo?

Yankho: Mayi, musamuzule. Malinga ndi mmene mwafotokozera, mtengo wanu ulibe matenda ndipo sindikuganiza kuti mtundu wake ndi woipa. Vuto ndi chisamaliro chimene chachuluka. Madzi a tsiku ndi tsiku, zitosi, urea, mthunzi wa mango ndi kumeta kwa mwezi ndi mwezi, chilichonse mwa zimenezi chimatha kuchepetsa maluwa pachokha, ndiye inu mwaziphatikiza zonse pa mtengo umodzi. Aneba anu sakudziwa chinsinsi chilichonse, angousiya mtengo wawo padzuwa kuti uzidzionera wokha, ndipo bougainvillea amafuna zomwezo.

Mtengowu kwawo ndi ku South America, makamaka ku Brazil, Peru ndi Argentina. Azungu anaudziwa mu 1767 pamene sitima za ku France zimene zinkazungulira dziko motsogozedwa ndi Louis Antoine de Bougainville zinaima ku Rio de Janeiro, ndipo katswiri wa zomera Philibert Commerson anautcha dzina la mtsogoleri wa ulendowo. Pa ulendo womwewo panali Jeanne Baret, mayi amene anadzibisa m'zovala zachimuna kuti aloledwe kukwera sitima, ndipo iyeyu ndiye ankathandiza Commerson kutola zomera. Chofunika kwa inu pa mbiriyi n'chakuti mtengowu unazolowera dzuwa lambiri, nthaka yosasunga madzi, ndi nyengo imene mvula imaduka. Ukakhala pa mtendere, madzi ndi chakudya zili mbwee, umangotalika ndi kuchita masamba. Umatulutsa maluwa ukaona kuti zinthu zayamba kuthina. N'chifukwa chake kuno kwathu umakongola kwambiri m'chilimwe, kuyambira cha mu Juni mpaka mvula yoyamba, pamene udzu wauma ndipo fumbi lili koboo, koma mu Januwale ndi Febuluwale ngakhale wa aneba anuwo umabwerera ku masamba.

Mukadzapita kwa anebawo mudzathyole kanthambi kamodzi ndi kukayang'anitsitsa. Zofiira, zoyera, zapepo kapena za olenji zimene timazitcha maluwazo ndi masamba apadera, opyapyala ngati pepala, okhala atatuatatu. Maluwa enieni ndi timachubu ting'onoting'ono tili pakati, tokhala ndi kukamwa koyera. Zonsezi zimamera kunsonga kwa nthambi zatsopano, osati pa thunthu lakale. Musaiwale mfundo ya nsongayi, tiifunanso pokamba za kumeta.

Tiyambe ndi madzi, chifukwa ndi amene mungasinthe mawa lomwe osawononga ndalama. Bougainvillea amene wakhala m'nthaka zaka ziwiri mizu yake yafika patali, safunanso kuthiriridwa tsiku ndi tsiku. Mvula ikasiya mu Epulo, muuzeni mnyamatayo kuti ndowa yake izimudutsa. M'miyezi yozizira ya Meyi, Juni ndi Julayi, ku Lilongwe mtengo wokhwima ukhoza kukhala osathiriridwa n'komwe. Dzuwa likakula mu Seputembala ndi Okutobala, muziuyang'ana m'mawa. Masamba ofota masana si nkhani, mitengo yambiri imatero pakatentha. Koma akakhala ofotabe m'mawa dzuwa lisanatenthe, pamenepo thirani ndowa ziwiri kapena zitatu pang'onopang'ono kuti madzi alowe pansi, kenako muusiyenso masabata awiri kapena atatu. Kuwaza timadzi pamwamba m'mawa uliwonse kumachititsa mizu kuyandama pamwamba, ndipo mtengowo sudziwa kuti chilimwe chafika.

Mpopi uja undidetsa nkhawa kuposa ndowa ya mnyamata. Malo a pampopi amakhala onyowa chaka chonse: wina akutsuka mbale, wina akuchapa, mpopi womwewo mwina ukudontha usiku. Kumbani pang'ono ndi khasu pafupi ndi tsinde, kuya kwa chikhatho chimodzi, mufinye dothilo m'manja. Likaumbika ndi kusiya chinyezi pakhungu, ndiye kuti ngakhale mutaletsa kuthirira mtengowo ukumwabe. Konzani mpopiwo, ndipo kumbani kangalande kotembenuza madzi otsukira kuti azipita ku nthochi kapena ku mpiru, kumene akufunika. Chimodzimodzi madzi ochokera kubafa. Nthawi zina bougainvillea wokana maluwa m'matauni mwathu amapezeka kuti mizu yake yapeza dzenje la madzi oipa kapena paipi yodontha, ndipo eni ake amalumbira kuti samuthirira.

Tsopano feteleza. Urea ali ndi nayitrojeni wokwana 46 pa 100 aliyense, ndipo mulibenso chakudya china. Ntchito ya nayitrojeni ndi kukuza masamba ndi mapesi, n'chifukwa chake timabereketsera chimanga. Zitosi za nkhuku nazonso ndi manyowa a nayitrojeni wambiri kuposa ndowe za ng'ombe. Zili ngati mbatata yobzalidwa pamalo pamene panali khola: kholowa amachita thithithi, koma mukakumba pansi mupeza timizu chabe. Lekani zonse ziwiri. Chaka chino musathirenso kanthu kalikonse, nthaka yanuyo yakhuta kale ndipo pafunika mvula ya dzinja limodzi kuti itsukeko. Chaka chamawa, ngati mudzaona kuti mtengo ukufooka, mudzathire kadzanja kamodzi ka feteleza wa nayitrojeni wochepa koma wa fosifolasi ndi potaziyamu wambiri, monga D Compound uja amathira alimi a fodya. Muzidzamuwaza mozungulira, kutali pang'ono ndi tsinde, nthaka ili yonyowa, kamodzi mvula ikamayamba ndi kamodzi ikamatha. Ena amathira phulusa la nkhuni chifukwa muli potaziyamu. Kadzanja kamodzi pachaka sikalakwika, koma musasandutse tsinde kukhala dzala la phulusa la m'khitchini. Mtengowu umakonda nthaka ya asidi pang'ono, ndipo phulusa likachuluka masamba ang'ono amasanduka achikasu, mitsempha yokha n'kutsala yobiriwira. Chikasu chomwechi chimaonekanso pa mitengo yobzalidwa m'mphepete mwa mpanda pamene amisiri anakwirira zotsalira za simenti ndi laimu.

Nkhani ya dzuwa ndiyo ingakhale yovuta, popeza mpanda sungasunthe. Bougainvillea amafuna dzuwa lomuwomba mwachindunji kwa maola osachepera asanu kapena asanu ndi limodzi patsiku. Kuwala kodutsa m'masamba a mango sikuwerengedwa. Pali chinthu china chimene anthu ambiri sachiganizira pobzala. Ife tili kummwera kwa equator, mzere wogawa dziko lapansi pakati, choncho m'miyezi yozizira dzuwa limayenda mopendekera kumpoto. Mtengo umene uli kummwera kwa mpanda kapena kwa nyumba umakhala mumthunzi wautali mu Juni ndi Julayi, nthawi yeniyeni imene umayenera kukonzekera maluwa, pamene mu Disembala malo omwewo amaoneka adzuwa. Tsiku lina mukakhala pakhomo, muziyang'ana ola ndi ola kuti dzuwa lafika nthawi yanji pa mtengowo ndipo lachoka nthawi yanji. Mwanena kuti wadutsa mpanda. Ndikuganiza kuti maluwa ochepa amene mumawaonawo ali pamwamba penipeni, mwinanso kumbali ya kunja kumene akusangalatsa odutsa m'njira. Ngati zili choncho, mtengowo wakuuzani kale chimene ukusowa. Dulaniko nthambi za mango zimene zaphimba mbali imeneyo, ndipo nthambi za bougainvillea muzilondolere pamwamba pa mpanda pamene pali dzuwa la tsiku lonse.

Kumeta mwezi ndi mwezi kulekeni. Ndikudziwa kuti anthu ambiri amakonda mpanda wometedwa bwino, wosalala mbali zonse, koma mukamameta bougainvillea motero mumadula nsonga zomwe zija zikanatulutsa maluwa, ndipo zikangoyamba kuphukanso sizasi yafikanso. Kudulira kwakukulu kumachitika kamodzi pachaka, maluwa akatha, mvula ikamayamba cha mu Novembala kapena Disembala. Pamenepo musachite mantha: chotsani nthambi zouma, zopingasana ndi zolowera m'njira, ndipo zotsalazo mukhoza kuzifupikitsa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. M'dzinja muzingotsina nsonga za mphukira kuti zichite nthambi zambiri, chifukwa nthambi zambiri ndiye nsonga zambiri. Pofika kumapeto kwa Malichi sizasi ipachikidwe. M'chilimwe maluwa amabwera m'magulu, gulu limodzi limakhala mwezi kapena kupitirirapo. Likayoyoka mukhoza kudula pang'ono chabe kunsonga kumene kunali maluwako, ndipo gulu lina lidzatsatira.

Mudzaona nthambi zina zonenepa, zowongoka, zothamangira kumwamba, za minga zikuluzikulu ndi masamba akuluakulu. Zimachuluka pa mtengo wodya bwino ngati wanuwo, ndipo zimadya mphamvu yambiri koma zimachedwa kuchita maluwa. Zina zidulireni patsinde. Zina, zikadali zofewa, ziwerameni kuti zigone chopingasa ndi kuzimangirira ku waya. Nthambi yogonekedwa imaleka kuthamanga ndipo imatulutsa timphukira tambiri m'mbali mwake monse, timene timadzachita maluwa. Kwa ine njira imeneyi imaposa feteleza aliyense amene angakugulitseni. Kumbukirani kuti mtengowu sudzigwirira wokha pakhoma, umangokola ndi minga, choncho khomani misomali ya konkire ndi kukokapo mawaya awiri kapena atatu. Pomanga gwiritsani ntchito nsanza kapena mphira wa chubu cha njinga, osati waya wopyapyala umene umadzalowa m'khungwa nthambi ikanenepa.

Za kuzula ndi kusamutsa, ndikuletsani pa chifukwa chimodzi: mizu ya bougainvillea ndi yosalimba, imathyoka msanga ndipo sigwira dothi. Mtengo waukulu ukasamutsidwa kawirikawiri umayoyola masamba onse, ndipo ena sadzukanso. Ngati mwapeza kuti malowo ndi amthunzi moti palibe chochita, ndi bwino kuyamba watsopano pamalo adzuwa. Apa ndiye tafika pa funso lanu lomaliza.

Mbewu musavutike kuzifuna, mitundu yambiri ya m'minda mwathu siibereka kawirikawiri. Timachulukitsa ndi nthambi, monga mmene zimakhalira ndi maluwa ambiri a pakhomo. Kapempheni kwa aneba nthambi yokhwima pang'ono, imene khungwa lake lasiya kubiriwira ndipo layamba kutuwa, yonenepa ngati pensulo. Nsonga yofewa imawola, thunthu lakale kwambiri limachedwa. Iduleni m'zidutswa za masentimita 15 mpaka 20, chilichonse chikhale ndi mfundo zitatu kapena zinayi. Kumunsi dulani mopendeka, pansi penipeni pa mfundo, ndi mpeni wakuthwa kuti khungwa lisaphwanyike. Chotsani maluwa ndi masamba onse kupatula awiri a pamwamba, ndipo awiriwo muwadule pakati kuti asataye madzi ambiri. Samalani kuti musazondotse, mbali imene inali kumunsi pa mtengo ndiyo ilowe m'dothi. Ngati mungapeze ufa wothandiza kumera mizu m'masitolo a zaulimi, nyikani kumunsiko, koma ngakhale popanda ufawo zina zimagwira.

Dzazani machubu akuda a nazale ndi mchenga wa kumtsinje magawo awiri ndi dothi la kompositi yowolerana bwino gawo limodzi. Bowolani ndi kamtengo, lowetsani chidutswa mpaka theka, tsinderani ndi zala, thirirani kamodzi mokwanira. Kenako dulani botolo la pulasitiki la malita awiri kumunsi kwake ndi kuvundikira, chitsekero mutachotsa kuti mpweya uzilowa. Ikani pamthunzi wowala, pansi pa mango uja ndi pabwino, koma pa njerwa kapena pa thandala kuti chiswe chisafike. Mchenga uzikhala wa chinyezi, osati wonyowa kwambiri. Nthawi yabwino ndi yofunda, kuyambira Seputembala mpaka Disembala. Mu Juni zimangokhala duu osachita kanthu. Mizu imatenga masabata 6 mpaka 10, ndipo musanyengedwe ndi timasamba totuluka msanga, chifukwa chidutswa chimatha kuphuka ndi chakudya chimene chinali nacho kale chilibe muzu ndi umodzi womwe. Musamazule kuti muone. Dikirani mpaka mizu yoyera ionekere m'mabowo a pansi pa chubu. Bzalani zidutswa khumi kapena kuposerapo, popeza zina zidzafa. Wapepo wamba uja, amene akatswiri amamutcha Bougainvillea glabra, amagwira mosavuta, koma a olenji, oyera ndi a masamba amawangamawanga amakonda kuvuta.

Ngati mumagwirizana bwino ndi anebawo, pali njira ina yosataya nthambi. Sankhani nthambi yaitali ya m'munsi, muiweramitse mpaka pansi osaidula, palani khungwa pang'ono kunsi kwake pafupi ndi mfundo, kwirirani malo opalawo m'chubu kapena mumphika wa dothi, ndi kutsindikapo mwala, nsonga ili panja. Nthambiyo imapitiriza kudya kwa mayi wake pamene ikumera mizu. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu mumaidula ndi kunyamula mtengo wanu. Kwa mitundu yovuta ija, njira imeneyi ndi yodalirika kuposa zidutswa.

Powokera, sankhani malo adzuwa tsiku lonse, kumpoto kapena kumadzulo kwa khoma. Kumbani dzenje la masentimita 50 mulifupi ndi kuya komwe, ndipo lisayandikire khoma kuposa theka la mita. Katondo wofiira wa ku Lilongwe ndi wabwino bola madzi asamaimepo. Ngati muli pa makande kapena cha kudambo, sakanizani mchenga ndi kuunda kachulu kuti tsinde likhale pamwamba, chifukwa madzi oima m'dzinja amawoletsa mizu ndipo ndiwo amapha bougainvillea wambiri kuposa chilala. Chubu muching'ambe ndi lezala kuchokera pamwamba mpaka pansi, musakoke mtengo ndi dzanja, ndipo dothi la mizu lisagumuke. Zija ndanena zomana madzi sizikhudza mtengo waung'ono: miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi yoyamba muziuthirira kawiri pa sabata ngati kulibe mvula. Mitengo ikakhala ingapo, italikirane mita imodzi ndi theka kapena awiri.

Musadabwe wa olenjiyo akamasintha mtundu. Ambiri a iwo amayamba ngati njerwa yootcha, kenako amatuwira ku pinki akamakalamba, moti nthambi imodzi imaoneka ya mitundu iwiri. Ochuluka a mtundu umenewu ndi a gulu la Bougainvillea x buttiana, limene linayambira pa mtengo umene mayi wina wotchedwa Mrs Butt anaupeza ku Cartagena m'dziko la Colombia mu 1910 n'kupita nawo ku Trinidad. Gululi limadziwika ndi kutulutsa mwadzidzidzi nthambi ya mtundu wina. Ndipo mukakhala ndi wa masamba amawangamawanga, nthambi ikatuluka yobiriwira yokhayokha iduleni msanga, ikapanda kutero imakula mwamphamvu n'kulanda mtengo wonse.

Amene alibe malo akhoza kubzala mumphika waukulu kapena m'chigubu chodula cha malita 20, chobowola bwino pansi. Mumphika amachita maluwa msanga chifukwa mizu imapanikizika, choncho musafulumire kumusinthira mphika wokulirapo. Kusiyana kwake n'kwakuti wa mumphika sangakhale masabata osamwa. Pisani chala m'dothi, likauma mpaka pa mfundo yachiwiri ya chala thirirani mpaka madzi atuluke pansi, ndipo musasiye mbale ya madzi kunsi kwake.

Tizilombo si vuto lalikulu. Nsabwe za zomera zimaunjikana pa nsonga zofewa, makamaka pa mtengo wodya nayitrojeni wambiri, ndipo mukaona nyerere zikukwera ndi kutsika mudziwe kuti zilipo. Madzi a sopo pang'ono kapena a masamba a nimu osinja, opopera madzulo, amakwanira. Mbozi zodya masamba m'dzinja zitoleni ndi manja. Mtengo waung'ono utchingireni mbuzi. Owerenga a kumalo ozizira monga Dedza adziwe kuti chisanu cha mu Juni ndi Julayi chimawaula nsonga, choncho abzale pafupi ndi khoma loyang'ana kumpoto limene limasunga kutentha, ndipo asadule zowaukazo mpaka kutafunda. Kunyanja, ku Salima ndi ku Mangochi, mtengowu umachita maluwa pafupifupi chaka chonse.

Minga yake musaipeputse. Imalasa mozama, imabowola ngakhale patapata, ndipo madzi a mtengowu amayabwa pakhungu la anthu ena. Mnyamatayo mumugulire magolovesi achikopa, azivala malaya a manja aatali, ndipo nthambi zodulidwa zizisonkhanitsidwa nthawi yomweyo, zisasiyidwe pamene ana amasewera opanda nsapato. Minga yomweyo ndi imene imachititsa kuti ukhale mlonda wabwino pamwamba pa mpanda. Koma ndi wolemera ukakula: mpanda wa udzu kapena wa bango umagwa nawo, ndipo mukaulola kukwera padenga maluwa ake ouma amatseka ngalande za malata.

Pa mtengo wanu wa kuseriwo, musayembekeze kusintha sabata yomweyo. Mukaleka madzi ukhoza kuyoyola masamba ena ndi kuoneka ngati wakwiya, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amamva chisoni n'kubwerera ku ndowa. Limbani mtima. Ngati mwayamba m'chilimwe ndipo dzuwa likuufikira, timaluwa toyamba timaoneka kunsonga pakatha mwezi umodzi kapena iwiri, ngakhale kuti chaka choyamba sadzachuluka chifukwa cha zitosi ndi urea zimene zikadali m'nthaka. Mukayamba m'dzinja, dulirani, gonekani nthambi pa waya, konzani za mpopi ndi mango, ndipo mudikire mpaka Juni kapena Julayi. Zidutswa za olenji zimene mungabzale mu Okutobala zidzakhala zokonzeka kuwokera cha mu Januwale, mvula ikadalipo.